ZA PANYUMBA PATHU: Chitchetcho Chisadye Dothi



Mwezi watha tinakambirana za kutseka modontha m'nyumba mvula isanakule. Tsopano mvula yakula ndithu, ndipo iye amene analira mvula walandira ndi matope omwe, monga anena akulu. Koma pamodzi ndi matopewo wafika mlendo wina wosapempha malo, ndiye udzu. Munthu apita kumunda masiku asanu osacheukira pabwalo pache, ndipo tsiku lachisanu ndi chimodzi apeza njira ya kuchimbudzi yatsekeka, nkhuku zirikuikira m'tchire kuseri kwa nkhokwe, ndi ana alikubwera m'nyumba miyendo iri yonyowa ndi mame kufikira m'maondo. Chotero mwezi uno tikambe za kutchetcha.

Wina adzati: Kodi kutchetcha udzu nako kufuna mphunzitsi? Si mwana ali yense wa sukulu adziwa kugwedeza chitchetcho? Inde, kugwedeza adziwa. Inenso ndinali kudziwa kugwedeza, ndipo ndinatsala pang'ono kuononga diso la mwana wanga.

Koma poyamba tione chifukwa chache udzu wautali suyenera kukhala pafupi ndi khomo. Makoswe akonda kuyenda mobisika, ndipo kumene kuli makoswe njoka sizichedwa kufika, pakuti zitsata chakudya chao. Nkhupakupa zikwera pansonga pa udzu ndi kudikira galu, mbuzi kapena mwana wopita. Za udzudzu ndinene mosamala, popeza ambiri asokoneza. Kuyambira chaka cha 1897, pamene sing'anga Ronald Ross anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India, anthu adziwa kuti malungo adza ndi udzudzu. Koma udzudzu subadwira mu udzu iai. Ubadwira m'madzi oima, m'zithaphwi, m'maenje oumbira njerwa, ndi m'mapazi a ng'ombe momwe mwadikha madzi. Udzu wautali ndi malo ache opumulirapo usana, pamthunzi ponyowa. Tsono kutchetcha kuthandiza, koma iye amene atchetcha nasiya dzenje la madzi kuseri kwa nyumba, nagona kunja kwa neti, asadabwe malungo akamgwira.

Poyenda m'midzi ndiona mabanja a mitundu iwiri. Ena alekerera tchire lifike pakhonde. Ena, ndiwo akhama, atenga khasu napala bwalo lonse kufikira kumpanda, nalisesa m'mawa uli wonse mpaka liti mbee. Bwalo losesa la amai athu sindilinyoza konse. Pafupi ndi nyumba payenera kukhala poyera, mapazi awiri kapena atatu kuzungulira, kuti mkwekwe wa njoka uoneke m'mawa, ndi kuti pakhale poyanika mphale ndi ufa. Koma kupala bwalo lonse ndiko kupereka nthaka yanu kwa mvula. Madzi otsika padenga akokolola dothi pang'ono pang'ono, tsache nalo lichotsa lache tsiku ndi tsiku, ndipo pakupita zaka muona mizu ya mango iri pamtunda, maziko a nyumba aonekera, ndi kangalande kayamba pakati pa bwalo. M'mwezi wa Okutobala pfumbi la pomwepo lilowa m'mbale ndi m'maso mwa ana. Chimene chiletsa zonsezi ndi kapinga, udzu uja waufupi woyanga pansi, umene ugwira nthaka ndi timizu pa mfundo yache iri yonse. Kapinga safuna ndalama. Mungazule pang'ono m'mbali mwa njira ndi kuoka nyengo ino ya mvula, ndipo adzayanga yekha. Chimene afuna ndi dzanja lodziwa kumdula.

Imvani tsono za kupusa kwanga. Zaka zingapo zapitazo, tsiku Loweruka, tinali kuyembekeza alendo a kuchimuna kudzanena za ukwati wa mphwanga wamkazi wa akazi anga. Udzu unali utafika m'maondo, pakuti ndinakhala paulendo masabata awiri. Ndinabwereka chitchetcho kwa mnansi wanga, chobuntha ngati msana wa khasu, ndipo sindinafune kutaya nthawi ndi kunola. Ndinayamba pomwepo kukantha ndi mphamvu yonse, ndi kukanthira pansi penipeni, kuti udzu usamerenso msanga. Dothi linali kuuluka, ndipo mumtima mwanga ndinati nchito irikuyenda. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 5 anali kunditsata m'mbuyo, alikutola ziwala zimene zinali kudumpha mu udzu wodulidwa, monga achita ana onse. Sindinamuone. Ndinamva kulira kwa chitsulo pamwala, ndipo pomwepo mfuu wa mwana. Amai ache anaturuka m'khichini nati, "Bambo, mwamtani mwana?" Nkhope yache yonse inali mwazi. Agogo ache anathamangira kutchire kukafuna masamba ofinyira m'diso, koma ine ndinawapempha ndi ulemu kuti aleke, ndipo tinammanga kansaru koyera ndi kupita naye kuchipatala panjinga. Kamwala kanali katamng'amba pansi pa nsidze. Wotsuka balalo anandionetsa ndi chala chache kuti pakati pa bala ndi diso panatsala malo osakwana m'lifupi mwa chala chimodzi. Alendo anafika ine kulibe. Mwanayo lero ndi mnyamata, aona bwino ndi maso onse awiri, koma chipsera chiripo, ndipo ndichiona tsiku ndi tsiku pakudya nsima.

Ndipo udzu uja ndinaumeta ndi ukali wotere, kodi unaleka kumera? Kapinga anapserera nasanduka wofiira, nasiya zipazi za dothi. Ndipo m'zipazimo munamera chisoso ndi khovani ndi maudzu a minga, amene anakula msanga koposa kale.

Pamenepo ndinaphunzira chinthu chimodzi chimene ndifuna muchisunge koposa zonse za m'kalata muno: chitchetcho chisadye dothi. Chitsulo chikagunda pansi chichita zoipa zitatu pa nthawi imodzi. Chiponya miyala ndi magalasi, chibuntha, ndipo chipha udzu wabwino ndi kutsegulira malo udzu woipa. Munthu wotchetcha bwino amveka ndi khutu: chitchetcho chache chingoti fyu, fyu, ngati mkwapulo mumphepo. Mukamva kuti gu, gu, kapena ngwe, dziwani kuti pali ngozi, ndipo itanani ana anu.

Chifukwa chache udzu ufa poumeta ndi ichi. Masamba ndiwo khichini la chomera chiri chonse. M'menemo chipanga chakudya chache ndi kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya. Mukachotsa masamba onse tsiku limodzi, chomera chitenga chakudya chimene chinasunga m'mizu kuti chiphukenso, ndipo mizu ifooka ndi kufupika. Mizu yaifupi siifika kuchinyontho, chotero dzuwa likaomba masiku owerengeka udzu uuma. Ndiponso nthaka yobvula itentha, ndipo mbeu za maudzu oipa zimene zinali kugona mumthunzi ziona kuwala nizimera. Akatswiri a za udzu ali ndi lamulo lao lakuti pa kudula kumodzi musachotse koposa gawo limodzi la magawo atatu a msinkhu wa udzu. Ife a kumudzi tiribe choyesera m'thumba, koma zala tiri nazo. Kapinga atsale wotalika ngati zala ziwiri kapena zitatu zogundana, ndiko kuti masentimita 4 kapena 5, ndipo mumdule asanapitirire chikhato chanu. M'miyezi ya mvula yambiri, Januwale ndi Febuluwale, kutero ndiko kutchetcha sabata iri yonse, kapena pakapita masiku 10. Muyesa nchito yachuruka? Iai, yachepa. Udzu wa sabata imodzi ndi wanthete, munthu aumaliza phala lisanapse. Wa mwezi wathunthu ufuna tsiku lonse ndi matuza m'manja.

Ngati mwachedwa kale, ndipo udzu wafika m'maondo, musaugwetse tsiku limodzi. Dulani pakati lero, kokani wodulidwayo, ndipo pakapita masiku atatu kapena anai mubwerenso ndi kutsitsa. Potero mudzaonanso zimene zabisala pansi musanazigunde. M'chilimwe siyani kapinga wotalikirapo, ndipo musambvute kawirikawiri. Ngakhale aoneke wouma ali moyo, adzaphuka ndi mvula yoyamba.

Theka la nchito ya kutchetcha lichitika chitsulo chisanagwiridwe. Tengani ndodo yaitali, nsungwi ndiyo yabwino, ndipo yendani bwalo lonse mulikumenya udzu patsogolo panu. Tolani miyala, zidutswa za njerwa, mabotolo osweka, mawaya, misomali, mafupa amene galu anasiya, ndi zitsononkho za chimanga. Pamene pali chitsa kapena mwala wosazuka, zikani kamtengo kuti mupakumbukire. Yang'anani zisa za nkhuku, pakuti thadzi lofungatira silithawa, ndipo ambiri adula nkhuku yao yomwe. Yang'ananinso mabvu m'zitsamba za kumpanda ndi mzere wa linthumbu. Koma koposa zonse ndodoyo iri chifukwa cha mphiri. Njoka zambiri zikamva mgugu zithawa. Mphiri siithawa, ingogona phee, ndi maanga ache ofanana ndi masamba ouma, kufikira phazi kapena dzanja liifika. Chakudza sichiimba ng'oma. Nchifukwa chache musatole udzu wodulidwa ndi manja pamene simuona pansi. Kokani ndi mphanda ya mtengo.

Pali chinthu china choyenera kuchita musanayambe, chimene abambo ambiri aiwala, ndipo chadzetsa milandu m'mabanja: funsani amai a m'nyumba. Chimene inu muchiyesa tchire kuseri kwa khola, kwa iwo ndi bonongwe, luni, denje ndi chisoso cha ndiwo za mawa. Ine ndinagwetsa kale bonongwe wa akazi anga, ndipo masiku atatu ndinadya nsima ndi nyemba zopanda mau.

Ana ndi ziweto achoke. Musati, "Taima patali," pakuti mwana sadziwa kutali; muwatume kwa agogo ao, kapena akhale m'nyumba ndi mkulu wao kufikira mwatha. Ziwala adzatola pambuyo. Opanga makina odulira udzu alangiza kuti munthu wina asayandikire mamita 15, ndiwo mapazi ngati 20 a munthu wamkulu poyenda, ndipo muyeso womwewo uyenera chitchetcho. Anthu awiri kapena atatu akatchetcha pamodzi, asatsatane m'mbuyo ndi m'mbuyo, ndipo wamanzere aime kumbali yache yekha.

Tsono nolani. Chitchetcho chobuntha sichidula, chithyola ndi kukadzula, ndipo nsonga za udzu ziyera ngati zapsa ndi moto. Chifunanso mphamvu yambiri, ndipo munthu wokantha ndi mphamvu sayesa pokantha. Pondani chitchetcho pamtengo kuti chisagwedezeke, ndipo yendetsani tupa kuchokera kwa inu kupita kunja, mbali zonse ziwiri za nsonga yopindika ija, dzanja liri kumbuyo kwa kukamwa kwache. Mwala wonolera ndi madzi uchitanso bwino. Onani chogwirira: ngati chagwedera kapena mphira wamasuka, mangani tsopano, chifukwa chitchetcho chopulumuka m'dzanja la thukuta chiuluka ngati nthungo. Kumapazi bvalani jombo ngati muli nazo, kapena nsapato zotseka ndi buluku lalitali. Nkhwaira ndi mapazi opanda kanthu si za nchito iyi.

Nthawi yabwino ya chitchetcho ndi m'mawa, dzuwa lisanakwere, pamene udzu uli wowuma gwa ndi madzi ache ndipo uduka msanga; koma kuyambe kwayera, kuti muone pansi. Yambirani pakhomo ndi kupita chakumpanda, kuti chiri chonse chobisala chithawire kutchire, chisathawire m'nyumba. Imani choongoka, miyendo yotangadza pang'ono, ndipo dzanja liyende lokha uku ndi uku monga mwana pa katungwe, nsonga yopindika iri chogona, yoyandama pamwamba pa nthaka. Kulemera kwa chitsulo ndiko kudula, si ukali wa phewa. Mwendo wanu usakhale kumene chitsulo chimalizira ulendo wache. Mukatopa pumulani ndi kumwa madzi, chifukwa mabala ambiri adza pa mzere wotsiriza. Ndipo munthu amene walawa kachasu kapena masese asagwire chitchetcho tsiku limenelo.

Ndinenepo za makina, popeza ana athu ambiri agwira nchito m'nyumba za m'tauni, ku Blantyre, ku Lilongwe, ngakhale ku Johannesburg, ndipo apatsidwa makina popanda wowalangiza. Enanso ayamba kubwera nao kumudzi. Makina oyamba otchetchera anapangidwa m'chaka cha 1830 ndi Edwin Budding, wa kufupi ndi Stroud ku England, amene anatengera nzeruyo pa makina ometa ubweya wa nsaru m'nyumba zoombera. Ache anali okankha ndi manja, odula ngati sizasi, ndipo a mtundu umenewo alipo kufikira lero. Ndiwo ofatsa koposa onse. Koma ochuruka tsopano ndi a injini, okhala ndi mpeni pansi umene uzungulira ngati ka 3,000 pa mphindi imodzi. Taganizani mwala wogundidwa ndi mpeni wotere. Zonse ndanena za kutola miyala ndi kuchotsa ana zikhala pomwepo, ndipo zikula. Lamulo lathu likhalanso lomwelo: kwezani mawilo kuti mpeni usadye dothi.

Makina asiyana ndi chitchetcho pa ichi, kuti afuna udzu wouma. Wonyowa utsekera pansi pache, ndipo munthu aterereka, phazi nilowa kumpeni. Udzu ukatsekera, apo ndi pamene zala zambiri zathera. Zimitsani injini, dikirani mpeni uime, zulani chingwe cha pulagi, ndipo chotsani udzuwo ndi kamtengo. Pakuti mpeni ukatembenuzidwa ndi dzanja chingwe chiri pamalo, injini ikhoza kudzuka. Petulo athiridwe panja, injini itazizira, popanda fodya pakamwa, ndipo asasungidwe m'botolo la zakumwa pamene mwana angafike. Pamalo otsetsereka yendani chopingasa, osati chokwera ndi chotsika, ndipo musakokere makina kumapazi anu. A magetsi asagwire nchito pamvula, ndipo chingwe chikhale kumbuyo kwanu nthawi zonse. Aja onyamula paphewa, odula ndi kachingwe kozungulira, aponya timiyala koposa onse. Wowagwira abvale magalasi otchinga maso ndi zotseka m'makutu, ndipo ngati bwana sanagule, apemphe ndi ulemu koma asaleke kupempha. Madokotala a ana a ku America alangiza kuti mwana wosafika zaka 12 asayendetse makina okankha, ndi wosafika zaka 16 asayendetse aja okwerapo.

Ngozi ikagwa, chitani izi. Bala la chitsulo litsukidwe ndi madzi oyera ambiri ndi sopo, lipsinjidwe ndi nsaru yoyera kuti mwazi uleke, ndipo munthuyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lichepe. Tizirombo ta kafumbata tikhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo tilowa pa bala lotere. Kuchipatala adzaona ngati afunika katemera. Musathire dothi, ndowe kapena phulusa pabala. Kanthu kakalasa diso, musatikite, musayese kukazula, musafinyiremo masamba kapena mkaka wa m'mawere. Phimbani mopepuka popanda kupsinja, ndipo nyamukani. Njoka yolabvula ikalabvulira m'maso, tsukani pomwepo ndi madzi ambiri nthawi yaitali, ndipo pitani. Munthu akalumidwa, musatemere mphini, musayamwe, musamange chingwe cholimba, pakuti chingwecho chapha miyendo yambiri imene ululu ukadaisiya. Mbvuleni mphete ndi zibangiri, mwendo ukhale wosagwedezeka ndi kamtengo monga muchita ndi pfupa lothyoka, ndipo mumnyamule, asayende yekha. Musataye nthawi ndi kusaka njokayo. Bungwe la World Health Organization linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha m'chaka cha 2017, ndipo malangizo ache ndi omwewa.

Udzu wodulidwa musautenthe. Ngati ndi waufupi, wa sabata imodzi, usiyeni pomwepo. Uuma, nulowa pansi, nubwezera chakudya kwa kapinga. Wautali ukokedwe, chifukwa ukaunjikana upha wa pansi pache ndi kuitana chiswe ndi zinkhanira. Uyanikeni, ndipo mukayale m'khola, kapena muphimbire pansi pa nthochi ndi m'mabedi a kudimba, kapena muuthire m'dzenje la manyowa pamodzi ndi ndowe ndi phulusa. Mulu wache ukhale kutali ndi nyumba. Wokhala ndi njere zokhwima upite kudzenje, usapite kudimba. Wodulidwa ndi chitchetcho mbuzi ndi akalulu adya bwino, koma wophwanyidwa ndi makina utentha msanga pamulu ndi kusasa, ndipo utupitsa mimba ya kalulu. Umenewo ndi wa manyowa basi.

Mukatha, pukutani chitchetcho, chipakeni timafuta kuti chisachite dzimbiri, ndipo chisomekeni pamwamba kutsindwi kwa nkhokwe, kumene dzanja la mwana silifika. Ngati chinali chobwereka, chibwezeni chonola.

Mwezi wa mawa tidzakamba za kukonza nkhokwe ndi kuteteza chimanga kwa anankafumbwe. Tsalani bwino nonse.

Ine mnzanu,
Mphunzitsi wa kumudzi.